Kabokosi kamene a Stelia anasankha

A Binwell a ku Magaleta anali ndi gitala ya nsambo zisanu, ndipo ankati nsambo yachisanu ndi chimodzi ndi ya anthu osadziwa kuimba. Anaichotsa okha akadali mnyamata. Matama analipo, koma tisawanamizire, munthuyo ankaimba. Maukwati a kuno, a ku Luwani mpaka a ku Zalewa, gitala imeneyo inafikako ili kumsana kwa mwini wake, pomwe khasu linali kumunda m'manja mwa akazi awo, a Stelia.

Sitiroko inawagwira chaka chatha nthawi yokumba kachewere. Mwendo unabwerera, pakamwa panawongoka, mawu oimbira anatsala onse. Limene silinabwerere ndi dzanja lamanzere, lija lopanikiza nsambo. Zala zinkafika pamalo pake mochedwa, ndipo zikafika zinalibe mphamvu. Aliyense wodutsa pakhomo pawo ankamva zimenezi, koma palibe ankawauza, poti kuno timakonda kunenera kumbali.

Ndiye mwana wawo mmodzi yekhayo, Atikonda, amene amagwira ntchito ku Blantyre, anapeza banja. Ukwati anaukonza kuti ukachitikire muholo ya ku boma, ku Neno. A Binwell anali atamulonjeza mwanayo kuyambira ali wamng'ono kuti tsiku lake likadzafika, adzalowa muholo ndi nyimbo yake, yoimba bambo ake. Kuimba pamaso pa anthu anakana okha, ati muholo mumakhala phokoso, gitala yopanda magetsi singamveke. Anati aijambuliratu kunyumba, akangoiika pa masipika. Chimenecho ndicho chinali kumtima kwawo, ndipo za mpunga, za nkhuku ndi za magalimoto anasiyira akomiti.

Nyimboyo tonse tinkaidziwa. Ife akuluakulu tinkadziwanso kuti isanakhale ya Atikonda inali ya Loveness wa ku Luwani, mkazi amene a Binwell ankagonerako nthawi imene a Stelia anali oyembekezera. Mwana atabadwa, bamboyo anabwera kunyumba, nachotsa dzina la Loveness, naikapo la khandalo, basi nyimbo yakhala ya pabanja. A Stelia anaimva zaka zonsezi ali chete, akusenda mbatata kapena akuchapa. Ena ankati anaiwala, koma a Stelia si munthu woiwala.

Wodziwa zojambula nyimbo kuno anali Mathews, mphunzitsi wa ku Kasungu amene boma linamutumiza ku sekondale ya kwathu. Anali ndi laputopu, maikolofoni imodzi, ndi gitala yakeyake imene ankaimbira pakhonde kuti atsikana opita kumjigo amuone. Sanali munthu woipa kwenikweni, koma ankakonda kuyamikiridwa kuposa kudya.

Tsiku loyamba anawauza kuti: "Madala, maikolofoni payokha siingakwanitse. Gitala yanuyi imalankhula motsitsa. Pamafunika kabokosi kokweza mawu asanalowe mu kompyuta. Amakatcha puriampu."

"Ndiye kamagulidwa kuti?" anafunsa a Binwell.

"Tiyambe tabwereka ka a Gerishon, aja oika nyimbo m'mafoni pamsika. Tikaona mmene kakuchitira, tidziwa chochita."

Ka a Gerishon kanali kofiira, ka timagetsi tambiri tothwanima, ndipo fumbi linali litalowa paliponse. Anajambulira m'chipinda chodyera, m'mawa dzuwa lisanayambe kuthetheretsa malata. Anapachika mabulangete m'makoma, nkhuku anazipirikitsira kuseri. Kuti gitala imveke, Mathews ankapotokola kokwezera mawu mpaka pafupi ndi kumapeto, ndipo akatero kabokosiko kankatulutsa phokoso la fwaa, ngati mafuta a tchipisi pachiwaya. A Binwell anaimba, kenaka anavala mahedifoni kuti adzimvere.

Nkhope yawo inawala. Mkati mwa fwaa uja, nsambo zosapanikizika bwino sizinkamveka, ndipo pamene chala chinachedwa panakwiririka. Munthu akanatha kuganiza kuti akumva wailesi yakale ikuimba a Binwell akale.

"Mwamva, amake Atikonda?" anatero akuvula mahedifoni. "Dzanja lilipo ili. Pamene pakumveka ngati ndaphonyapa ndi kabokosika."

"Eti," anayankha a Stelia ali pakhomo ndi lichero.

Sabata imeneyo a Binwell anayenda ndi nkhaniyo mudzi wonse. Kutchalitchi, kuchigayo, ngakhale kumaliro, ankauza aliyense kuti nyimbo yatheka, kungoti kabokosi ka a Gerishon kakuwononga. Kabokosi kaja kanatukwanidwa kuposa mmene a Gerishon eni ake anatukwanidwirapo.

Loweruka lake Mathews anabwera ndi zithunzi pafoni. Mnzake wina anali atazungulira m'mashopu a ku Limbe. Anakhala pakhonde, a Binwell pampando, a Stelia pamkeka akusankha nyemba.

"Zodulazo tisazione n'komwe," anatero Mathews. "Zotheka ndi ziwiri. Aka n'kofanana ndi ka a Gerishon, koma katsopano, ndipo ndiko kotchipitsitsa. Fwaa uja akhalapobe, mwina pang'ono. Aka kotuwaka kali ndi polowetsa pamodzi, kokwezera kamodzi, kalibe timagetsi. Mtengo wakwererapo pang'ono, koma ngakhale mupotokole bwanji kamakhala chete. Chimene chalowa ndi chomwecho chimatuluka."

A Binwell anayang'ana kotuwako nthawi yaitali. Apa ndi pamene ndimawamvera chisoni, chifukwa munthuyo sanali chitsiru. Penapake mumtima ankadziwa chimene fwaa uja ankawachitira.

"Kofiira komweko n'kokwanira," anatero. "Ukwati uli pafupi, zofunika n'zambiri. Tisawononge pa kabokosi."

A Stelia sanadzutse mutu. "Ayi, abambo ake Atikonda. Inu mwauza mudzi wonse kuti cholakwa ndi kabokosi. Ndiye tigulenso kolakwa komweko?"

"Phokosolo si lalikulu. Muholo anthu sangalimve."

"Apongozi anu ndi a m'tauni, makutu awo ndi ena. Aphunzitsi, kodi kotuwako mwati kamamva zonse?"

"Zonse, mayi. Ngakhale kupuma."

"Kameneko ndiye. Mbuzi yanga ija ndigulitsa."

A Binwell anatembenuka kuwayang'ana akazi awo. Chikwatirane a Stelia anali asanagulepo ngakhale nsambo imodzi. Maso a bamboyo anadzaza misozi, ndipo madzulo ake anauza a Gerishon kuti mkazi umamudziwa bwino ukadwala. A Gerishon anavomera, poti nanga akanati chiyani.

Kabokosi kanafika pa njinga yamoto, katakulungidwa m'jumbo ziwiri chifukwa cha fumbi la msewu wathu. Kanali kakang'ono, kolowa m'thumba la jekete. A Binwell anakakwinyira mphuno, ati mbuzi yathunthu yathera m'kanthu aka. Mathews analumikiza zingwe, naika maikolofoni pafupi ndi pamene khosi la gitala likumana ndi mimba yake, napotokola. Anawaveka mahedifoni.

"Simunayatse," anatero a Binwell.

"Ndayatsa, madala. Ndi mmene kamakhalira. Tagwedezani phazi."

Anagwedeza, ndipo anamva mchenga ukukhulika pansi pa nsapato. Anamva njiwa padenga. Anamva mpando ukulira. Anaseka ngati mwana, nati azungu ndi afiti. Kenaka anaimba nyimbo yonse, Mathews naibweza kuti amvere.

A Stelia anali atalowa n'kukhala pakona, chinthu chimene sanachitepo nthawi ya kabokosi kofiira. Anapempha kuti aphunzitsi aike pa sipika kuti nawonso amve.

Zinamveka zonse. Dzanja lamanja linali lomwe lija, chala chachikulu chikuyenda pa nsambo yaikulu ngati kale. Koma lamanzere linkabwera pambuyo likukwawa. Nsambo zinkalira nzii m'malo moimba. Posintha zala pankakhala kampata, ndipo m'kampatamo munkamveka munthu akupuma movutika, akudzikakamiza. Chapakati panamveka a Binwell akunong'oneza dzanja lawo kuti, "Tiye, iwe, tiye." Iwo sankadziwa n'komwe kuti amatero.

Nyimbo inatha. Mathews ankayang'ana zingwe pansi.

"Aphunzitsi," anatero a Stelia, "kodi nakonso n'kowonongeka?"

"Ayi, mayi, kali bwino."

"Oho. Ndimati mwina atigulitsa kolakwa. Tabwezaninso, pena sindinamvetse."

Mathews anabweza, chifukwa analibe nzeru zokanira. A Binwell anakhala pomwepo, gitala ili pamwendo, namvera kachiwiri. A Stelia anamvera mpaka kumapeto, manja ali pachifuwa, kenaka anadzuka n'kunena kuti akukaona mbaula.

Masiku otsatira a Binwell analimbana nayo nyimboyo. Ankaviika dzanja m'madzi ofunda, ankalipaka mafuta, ankalimenya pabondo. Anamasula nsambo kuti zifewe, gitala n'kuyamba kulira ngati ya chigubu. Anapempha kuti maikolofoni aisunthire kutali, koma kabokosi kankawatsatirabe komweko. Tsiku lina anafunsa motsitsa ngati ka a Gerishon kangabwerekedwenso.

"Kaja munakatukwana m'mudzi monse?" anayankha a Stelia ali kukhitchini. "Mukawauza kuti chiyani a Gerishon?"

Sanafunsenso. Anaonda masiku amenewo, ndipo kutchalitchi ankatuluka anthu asanayambe kupatsana moni.

Amene anabweretsa nzeru ndi Mathews, koma tinamva pambuyo pake kuti anachita kupatsidwa. Anati oimba a masiku ano sajambula zonse pamodzi, gitala imakhala payokha, mawu paokha. Anati pa maulendo onse amene a Binwell anaimba, pali tizigawo tabwinobwino, ndipo kompyuta itha kutilumikiza ngati telala. Chotsala n'chakuti aimbe mawu okha, phazi likusunga nthawi.

"Kompyuta ingathedi zimenezo?" anafunsa a Binwell.

"Imatha zambiri, madala."

A Binwell anakhulupirira, poti ankafuna kukhulupirira. Anaimirira kutsogolo kwa maikolofoni, manja ali lende, naimba. Mawu aja analipo onse. Ine ndinkadutsa panja, ndipo ndinaima mpaka anamaliza. Ngakhale a Stelia anasiya kupeta, koma chimene ankaganiza sindikuchidziwa.

Lachiwiri lotsatira linali tsiku la a Binwell la kuchipatala, lokayezetsa kuthamanga kwa magazi ndi kukatenga mapiritsi. Mzere wake umatha masana. Atangokhota pa mtengo wa manachesi, a Stelia anatsitsa gitala pamsomali, naikulunga m'chitenje, naibereka ngati mwana wodwala, ulendo wa kunyumba ya aphunzitsi. Sanadzere kuseri. Anadzera pamjigo, pamene panali amayi ambiri, ndipo anaima n'kupereka moni kwa aliyense.

"Ya aphunzitsiyo ili ndi nsambo zambiri, angadziwike," anawauza amayiwo asanafunsidwe n'komwe. "Aimbire yomweyi. Mwana wanga sangalowe muholo ndi kubuula kuja. Koma musawauze abambo ake Atikonda, angakhumudwe."

Pofika masana gitala inali itabwerera pamsomali. Pofika madzulo, amene sankadziwa m'mudzi muno anali a Binwell okha. Anapempha kangapo kuti amveko mmene telala wasokera, koma Mathews ankati akumalizitsa, ndipo pambuyo pake a Stelia anati fulashi ya nyimboyo yapita kale kwa akomiti ndi katundu wina.

Tsiku la ukwati holo inadzaza. Achibale a mwamuna anabwera ndi basi yawo kuchokera ku Blantyre, atavala nsalu yofanana, akudandaula za msewu ngati ndife tinaukumba. A Binwell anakhala kutsogolo ndi suti yotuwa, a Stelia pambali pawo ndi duku lalikulu. Dzanja lamanzere analiika pabondo, lamanja pamwamba pake.

Woyendetsa mwambo anakuwa kuti aliyense aimirire, mkwatibwi akulowa, ndipo nyimbo imene timve si ya pa wailesi, ndi ya bambo ake omubereka, mawu ndi gitala zonse. Masipika anayamba ndi kachifuwa, kaja a Binwell amatsokomola asanaimbe. Anthu a kwathu anaseka, poti anakadziwa. A Stelia ndi amene anauza Mathews kuti kachifuwako asakachotse.

Kenaka gitala inalowa. Inali yawo ndithu. Ili ndi mng'alu kumimba umene umanjenjemera nsambo yaikulu ikagundidwa, ndipo kabokosi kotuwa kanaugwira bwinobwino. A Binwell anamwetulira, koma kumwetulirako sikunakhalitse. Zala zimene zinkayenda pamenepo zinali zachangu, zosalala, zokonda kudzionetsa. Pamene iwo amakoka nsambo ndi kuiliritsa, apa panali timaluwa tothamanga timene sanaimbepo chibadwire. Ndinawaona akuyang'ana dzanja lawo pabondo, kenaka akufunafuna ndi maso m'holomo. Anamupeza Mathews ataima pafupi ndi masipika, akugwedeza mutu, zala zake zikusewera pa lamba wa thalauza.

Mawu awo analowa pamwamba pa gitalayo, ndipo zinagwirizana zedi. Atikonda analowa akulira, velo ikukwekwereka. Amayi a pamjigo aja anaimba nthungululu kuposa onse, akuwasuzumira a Binwell kenaka n'kuyang'anana. A ku Blantyre, amene sankadziwa kanthu, anatulutsa mafoni n'kumajambula nkhalambayo. Woyendetsa mwambo anaiimitsa nyimbo pakati n'kunena kuti bambo aimirire anthu awaone, akweze manja amene achita zimenezi.

A Binwell sanasunthe. A Stelia anawagwira pachigongono nawadzutsa, ndipo iwo eni anatenga dzanja lamanzere lija nalikweza m'mwamba. Holo yonse inawomba m'manja.

"Mwetulirani, akukujambulani," anatero a Stelia.

Nthawi ya perekaniperekani nyimboyo anaibwereza mobwerezabwereza, chifukwa ndi imene inkadzutsa anthu m'mipando. Amalume a mkwati anabwera kudzawagwira chanza, nati anamva zoti anadwala, koma zikuoneka kuti madokotala a ku Neno ndi akatswiri. A Gerishon anadutsa chapatali osayang'ana. A Binwell ankangoti zikomo, zikomo, ngati munthu wolandira anthu pamaliro.

Anthu atayamba kudya, a Binwell anawatembenukira akazi awo. Analankhula motsitsa kwambiri.

"Munaitenga liti?"

"Tsiku la kuchipatala."

"Bwanji simunandisiye ndi kofiira kaja? Anthu sakanadziwa."

"Anthu ankadziwa kale. Amene simunkadziwa ndinu." A Stelia anachotsa fupa m'nyama ya nkhuku naliika pambali pa mbale. "Nyimboyi si yachilendo kusinthidwa, abambo ake Atikonda. Munachotsamo dzina la munthu, ine ndinakhala chete. Ine ndangochotsamo dzanja."

A Binwell anatsegula pakamwa, koma nthawi yomweyo Atikonda anafika, atanyamula diresi kuti isapondedwe. Anagwada pakati pa makolo ake, nagwira dzanja la bambo ake, lomwelo lamanzere, naliika patsaya pake. Mwanayo sankadziwa chilichonse, ndipo zimenezo zinkaonekeratu pankhope.

"Ababa, ndinkaopa," anatero. "Amayi atandiuza za dzanja ndinkaopa kuti mudzichititsa manyazi chifukwa cha ine. Koma nyimbo iyi ndakula nayo, ndaimva moyo wanga wonse. Simunaiimbepo bwino ngati lero."

A Stelia anapitiriza kudya. A Binwell anamuyang'ana mwana wawo, ndipo ndinaona kuti akufuna kumuuza. Kumasipika kuja nyimbo inali itayambanso, kachifuwa kenaka gitala.

"Ndi kabokosi, mwanangu," anatero. "Amako anasankha bwino."